Mapazi a Apongozi

Indiana, Amereka
9 Sepitembala 2023

Alamu anga a Raymond,

Moni wa kuno kutali. Muli bwanji ku Balaka, ndi choko chanu chija chosatha m'malaya? Achemwali anga a Ophelia ali bwanji ku Ulongwe? Nanga Elube mano aja anamera, kapena akuyendabe ndi chipata pakamwa? Amayi muwapatse moni wambiri. Ine ndili bwino, kungoti kuzizira kwayamba kale kusuzumira.

Ndalemba pamanja n'kujambula pafoni monga mwa lamulo la amayi, poti iwo amati mawu otayipa alibe nkhope.

Ndili ndi pempho, alamu. Chaka chino kusukulu yathu ya zamafilimu tikuphunzira za anthu amene anayamba kupanga mafilimu paokha muno m'Amereka, zaka zana zapitazo, makampani akuluakulu atawatsekera pakhomo. Munthu ankangobwereka kamera, n'kuitana wometa tsitsi wa pamsika, azakhali ake ndi a kwaya ya kutchalitchi, basi filimu yake yoyamba yayambika. Akamaliza ankainyamula yekha m'sutikesi, kukwera nayo sitima, kukaonetsa m'matchalitchi ndi m'matenti. Mafilimu amenewo analibe mawu, nkhope ndiyo inkalankhula. Ambiri anapsa, ena anaola. Sabata yatha anationetsa kachidutswa kotsala ka filimu ina: mayi wachikulire waima pakhomo, akuyang'ana kamera, kenaka akuseka. Dzina lake palibe akulidziwa. Ine ndinalira m'kalasi, alamu, anzanga n'kumandipatsa tishu osadziwa chimene chandiluma.

Tsono aliyense wauzidwa kuti apange filimu yake yoyamba mwa njira yomweyo, ndi zimene ali nazo komanso anthu akwawo. Ine ndasankha amayi. Ndikufuna nkhope yawo ija akamagulitsa nandolo pasiteji pa Ulongwe, akamakalipira makondakitala, makamaka akamaseka diso limodzi litatsinzina. Chichokereni kwathu sindinaione bwino nkhope imeneyo, ndipo miyezi ino ndikaimba ya vidiyo amangoti netiweki, netiweki. Foni yabwino pabanja pathu ili ndi inu. Loweruka mukapita kumudzi muwajambule. Pafupi, alamu. Nkhope idzaze galasi lonse.

Filimuyi ikufunika mu Disembala.

Ndine mlamu wanu wovuta uja,
Emmie


Ulongwe
12 Sepitembala 2023

Bambo a Elube,

Mwaswera bwanji kuntchito? Kuno tilipo. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa minibasi uja wa chipewa chofiira, chifukwa nkhani yake si yolankhula pafoni Elube ali pambali. Kamwana kamene kaja ndi wailesi.

Kalata ya Emmie ndawawerengera amayi. Mukudziwa mmene zilili chiwagwereni sitiroko mu Meyi muja: mkono wabwerera, mwendo ukuyesetsa, koma pakamwa mbali yakumanzere mpokhotabe, ndipo pasiteji sanapondeponso. Munalipo tsiku lija anatilumbiritsa kuti Emmie asamve. Akuti bambo athu atadwala mwana ameneyu anasiya Fomu 3 n'kudzakhala kuchipatala mpaka chaka chinamuthera, ndiye lero akamva akwera ndege, sukulu imene anaivutikira ija n'kuitaya. Akuti nkhope imene anapita nayo ku Amereka ndi imene asunge.

Ine ndinati ndiye tingomukanira. Amayi akuti iyayi, Emmie ukamukaniza ndiye wamuitana. Kenaka ndinangoona mapewa akugwedezeka, kani akuseka. Akuti, "Akamwini anga aja, chikwatirireni pano anayamba andiyang'anapo kumaso? Abwere nayo foni yawoyo. Andijambule mmene amandionera masiku onse."

Ndiye mwamva, bambo. Ulemu wanu uja ndinkakusekani nawo, wolowa m'chimanga mukakumana ndi apongozi panjira, lero wapeza ntchito. Pobwera Loweruka mugule mchere ndi mankhwala a amayi.

Mkazi wanu,
Ophelia


Indiana
24 Sepitembala 2023

Alamu,

Moni, ngakhale kuti moniwo simukuuyenera.

Mavidiyo anu ndalandira onse. Ndinaphika tiyi, ndinakhala pansi bwinobwino, ndinatsegula yoyamba. Mapazi! Yachiwiri, mapazi. Yachitatu, mapazi ndi nkhuku. Yachinayi munayesetsa, munafika mpaka m'mphepete mwa chitenje, kenaka kamera inathawa ngati yaona njoka. Ine ndinapempha amayi anga, inu mwanditumizira patapata wobiriwira.

Ndipo bwanji mwawajambulira pakhomo? Ndinati pasiteji, pamene amakhala mfumukazi. Mawu awonso akumveka olemera, ngati akulankhula mbatata yotentha ili m'kamwa. Kwagwanji?

Anthu oyamba ndinakuuzani aja kamera yawo inali yolemera ngati thumba la chimanga, yopukusa ndi dzanja, koma nkhope ankaipeza. Inu kafoni kolowa m'thumba kakukanikani kukweza? Mphunzitsi wathunthu, amene mukangoyang'ana kalasi ngakhale wachifuwa amaleka kutsokomola!

Yesaninso. Zikavuta apatseni achemwali.

Emmie


Balaka
1 Okutobala 2023

Okondedwa alamu a Emmie,

Choyamba ndithokoze Mulungu amene watisunga, inu uko, ife kuno. Tsopano ndiyankhe milandu yanu mwandondomeko.

Mwakhalitsa ku Amereka, alamu. Mwaiwala kuti ine pamudzi paja ndine mkamwini. Apongozi anga ndimawadziwa bwino kwambiri. Ndimadziwa kutsokomola kwawo, ndimadziwa mdidi wawo akamachokera kuchigayo, ndimadziwa chipsera cha khasu pachala chawo chachikulu. Nkhope ndimangomva kwa anthu kuti ndi yokongola, ndipo ndimakhulupirira osaona, monga Malemba anenera. Tsiku la ukwati wathu wojambula zithunzi anatiimika pamodzi ndi apongoziwo. Kachiyang'aneni chithunzi chimenecho, mupeza ine ndikuwerenga nyerere. Tsono inu mukuti ndiwalozetse foni pamphuno? Ndikakweza foniyo, maso anga ndiwaike kuti? Amalume anga a ku Nselema atamva angabwere wapansi kudzandilanda dzina.

Za pasiteji, nandolo chaka chino sanachite bwino, ndiye amayi akupumulako. Za mawu, ndamva kuti ndi dzino. Ndati ndamva. M'kamwa mwa apongozi sindingasuzumiremo.

Anthu anu oyamba aja ndawalemekeza, anali akhama. Koma mufufuze bwino m'mabuku anuwo ngati panali ngakhale mmodzi amene anajambulapo apongozi ake. Mupeza kuti palibe, n'chifukwa chake anafa ndi ulemu wawo.

Foni ndiwapatsa achemwali anu monga mwalamulira.

Wanu mwaulemu,
Raymond


Indiana
20 Okutobala 2023

Achemwali,

Muli bwanji? Mwandidikiritsa masabata onsewa, ine kumati mwina mukukonza chinthu chooneka. Ndimayesa vuto ndi alamu okha, kani ndi matenda a banja lonse. Mwandijambulira mtengo wa mango, mtambo, ndi chala chanu chachikulu chitatseka theka la dziko. Amayi akungomveka pansi pake akulamula Elube kuti atsekere mbuzi. Pena ndaonako duku, koma kumbuyo kwake.

Imvani zodabwitsa tsono. Poti nthawi ikutha, ndinalumikiza mapazi a alamu aja n'kukaonetsa aphunzitsi athu, mayi wina wamtali wa imvi amene moyo wake wonse wathera m'mafilimu akale aja. Ndinkadikira kukalipiridwa. Mayi uja anavula magalasi n'kunena kuti chiyambireni kuphunzitsa sanaonepo wojambula wolimba mtima chotere, wosiya nkhope n'kusankha mapazi. Akuti oyamba aja nawonso luso lawo ankalitola m'kusowa. Anafunsa kuti wojambulayo anaphunzira kuti. Ndinati ku koleji ya aphunzitsi, maphunziro apamwamba n'kukachitira m'munda wa chimanga. Musawauze alamu, angayambe kuvala mpango m'khosi ndi kutentha kwa ku Balaka kumeneko.

Ndiye filimu ikhoza kudutsa ndi mapazi okhaokha. Koma achemwali, si malikisi amene ndikufuna ine. Ndawasowa amayi. Ndikayesa kuikumbukira nkhope yawo imabwera pang'ono n'kuzilala, ndipo zimenezi zikundiwawa. Dzino lanjinso losapola mwezi wathunthu? Apite nalo ku Liwonde akalichotse.

Mng'ono wanu,
Emmie


Balaka
24 Okutobala 2023

Mayi a Elube,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ndaona kalata ya Emmie. Zoti ndatchuka ku Amereka ndazilandira modzichepetsa, ndipo mpango ndinali nawo kale.

Koma mtima wanga suli m'malo. Zija ndinalemba za nyerere ndi amalume n'zoona zonse, koma za dzino ndi nandolo ndinanama, ndipo Lamulungu ndinakhala pabenchi anzanga akupita kukalandira Mgonero. Ulemu umenewu ndinaphunzitsidwa kuti ndiziwalemekeza nawo amayi, osati kuti ndizipusitsira mlamu wanga. Mwana uja akuti nkhope ikumuzilala. Muwauze amayi, mwina ayankhe okha. Ine sindingawauze, mukudziwa kuti ndikatsegula pakamwa pamaso pawo pamatuluka "zikomo" yekha.

Raymond


Ulongwe
29 Okutobala 2023

Emmie mwana wanga,

Ndine mayi ako. Akulemba ndi mkulu wako, ndipo ndamuuza kuti asawonjezere mchere.

Uli bwanji? Ukudya? Kuno mvula sinayambe, kukutentha ngati tinalakwira munthu.

Ndamva kuti mapazi anga atchuka ku Amereka. Ee! Ndinayenda nawo mpaka ku Nayuchi kokaoda zitenje, iwe uli kumbuyo ukundilirira m'khutu, palibe anawayamikira. Lero mayi wa magalasi wawaona. Umuuze kuti akafuna ndimutumiziranso zidendene, zili ndi ming'alu yokongola.

Nkhope ukuifuniranji? Ndi yomwe ija. Mphuno ili pakati, makutu ali m'mbali. Ukaifuna kwambiri yang'ana pagalasi, uchotseko matama, ndiye kuti wandiona.

Akamwini anga usawavutitse. Akamwini a masiku ano amalowa mpaka kukhitchini n'kumavundukula mapoto, anga awa ndikatulukira kuno iwo ali kale kuseri kwa nkhokwe. Munthu wotere umamusunga.

Iwe limbikira sukulu. Anthu ako aja ankanyamula mafilimu m'sutikesi sankasiya ntchito pakati chifukwa cholakalaka amayi awo. Umalize, ubwere pepala lili m'manja. Ukadzabwera chimanjamanja ndidzakubwezera pasiteji pomwepo, ndipo makondakitala onse ndi anga, adzakukweza.

Dzino likupola.

Mayi ako,
Anastasia

Mchere sindinawonjezere, unali wokwanira kale. Ndine Ophelia.


Indiana
20 Novembala 2023

Amayi, achemwali, alamu,

Lero moni ndilibe.

Ntchito yolumikiza filimu ndi yoonera chinthu chimodzi kambirimbiri, pang'onopang'ono, mpaka uchiloweze. Mapazi a amayi ndawaloweza. Mu vidiyo ija akuchoka pakhonde kupita kunkhokwe, phazi lakumanja likunyamuka, lakumanzere likukhwekhwereza. Likusiya mzere m'fumbi, alamu, mzere woonekeratu, kuchokera pakhonde mpaka kunkhokwe. Patapata wakumanzere wamangidwa ndi kansalu kuchidendene kuti asavuke. Ine ndinakula ndikuthamangira mapazi amenewo popita kutchalitchi, sindinkawapeza. Dzino silikoka mwendo.

Ndinagwirako ganyu kunyumba yosamalira okalamba kuno. Ndikudziwa chimene chimakoka mwendo n'kulemeretsa lilime.

Mwandipusitsa nonse atatu. Ndakwiya, ndipo ndikuopa. Ndikuopa chifukwa chimene mukubisacho sindikuchiona, ndiye mutu wanga ukujambula zakezake zoipitsitsa. Tikiti ya ndege ndafunsa kale. Ngati Loweruka lino sindiona nkhope ya amayi, filimu ndi sukulu yomwe ndizisiya, ndibwere ndidzaione ndekha.

Emmie


Ulongwe
26 Novembala 2023

Alamu,

Lero ndondomeko ndilibe. Mwatigwira, ndipo mwatigwira ndi mapazi omwe ndinajambula ine. Ndi sitiroko, ya mu Meyi. Akuchira, achipatala akuti choopsa chinadutsa. Vidiyo ndatumiza dzulo mwaiona, koma ndikuuzeni zimene kamera sinaone.

Achemwali anu atawerenga kalata yanu, amayi anati, "Ndabisa kuti asabwere, ndiye kubisako n'kumene kukumubweretsa. Uchitsiru wa nkhalamba." Loweruka m'mawa anasamba, anavala chitenje chawo cha Amayi Akatolika, n'kukhala pampando pansi pa mango. Ophelia anatenga foni. Amayi anakana. Akuti, "Amene anayambira kumapazi amalize yekha ulendo wake. Nkhope iyi akaiona akamwini osathawa, ndiye kuti mwana wanganso aipirira."

Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, malo anga a masiku onse. Anatuma Elube kudzandipatsa tambala wamoyo, akuti ndi wotsegulira maso, mwambo usadandaule. Ndiye ndinabwera, tambala kukhwapa, foni m'manja. Ndinagwada. Ndinayambira pomwe ndimadziwa, pa patapata. Ndinakwera pachitenje. Pofika pamapewa ndinatsinzina, foni n'kungoilozetsa mwa chikhulupiriro.

Ndinangomva, "Bambo a Elube, mukujambula mango. Tsegulani maso."

Ndinatsegula. Alamu, zaka zonsezi anthu sanandinamize. Pakamwa mpokhota, inde, mbali imodzi yagwa. Koma ndinaona Ophelia wanga mmenemo, ndinaona inu, ndinaona chibwano chamakani cha Elube chija n'kudziwa kumene chinachokera. Misozi inanditsika, mphunzitsi wathunthu monga munanenera. Tambala naye anasankha nthawi yomweyo kukupiza mapiko. Ngati chithunzi chikugwedera, theka la mlandu ndi lake.

Zimene ananena mwazimva nokha: "Emmie, nayi. Yakhota, koma ndi yanga. Waiona, tsono khala pansi umalize sukulu." Kenaka anandiyang'ana ine ndi tambala wanga n'kuphulika kuseka, ndipo diso lija munkanena linatsinzinadi.

Musakwere ndege, alamu. Tikupempha tonse atatu, ndipo mutikhululukire.

Raymond


Indiana
16 Disembala 2023

Amayi,

Muli bwanji? Mankhwala mukumwa? Ndikufuna yankho loona, poti tsopano mukudziwa kuti ndimawerenga ndi mapazi omwe.

Ndege sindinakwere. Vidiyo ija ndinaionera mpaka foni inatha moto. Ndinalira, ndinakukalipiraninso pang'ono mumtima, kenaka ndinabwerera kuntchito.

Filimu tinaonetsa Lachinayi m'kaholo kakang'ono, anthu osadzaza ngakhale minibasi ziwiri. Oyamba aja nawonso ankayamba chonchi. Mapazi, mapazi, nkhuku, mango a achemwali, anthu akuseka. Mzere wa m'fumbi uja utafika, kuseka kunatha. Kenaka kamera inayamba kukwera, ikunjenjemera. Aphunzitsi anali atandiuza kuti pali njira yochotsera kunjenjemerako, ine ndinakana, ndinati kumeneko n'kwa alamu anga, anakuvutikira. Nkhope yanu inadzaza khoma lonse, amayi. Mutaseka, holo yonse inaseka nanu, pomwe Chichewa palibe ankachimva kupatula ine.

Mayi wa m'kachidutswa kakale kaja ndinalembera alamu, woseka pakhomo uja, dzina lake linatayika. Lanu ndalilemba ndi zilembo zikuluzikulu: Anastasia Namakhwa, wa pasiteji pa Ulongwe. Pansi pake ndalemba kuti wojambula ndi Raymond, mkamwini, mothandizidwa ndi tambala.

Ndibwera mu Juni pepala lili m'manja, makondakitala anu muwauziretu. Achemwali andiuza kuti munkati ndisunge nkhope imene ndinabwera nayo kuno. Ndaisunga. Koma iyinso ndi ya amayi anga, ndipo inali yanga kuyambira mu Meyi. Ikadzasinthanso, ndidzaione tsiku lomwelo.

Mwana wanu,
Emmie